Kakonekita ka Apongozi

Ana inu mumanditopetsa nthawi zina. Dzulo ndinaona mmodzi wa inu, dzina ndilisunga, foni yake itakana kutchaja. Anauzira mpweya wa m'kamwa m'kabowo, n'kutokosamo ndi kamtengo ka machesi, kenako n'kukankha chingwe ngati akukhoma chikhomo cha mbuzi. Itakanabe, anabwereka chingwe cha mnzake n'kuchita chimodzimodzi. Ine ndaphunzitsa za mawayilesi zaka makumi atatu, ndipo ndikaona zotere mutu umandiwawa. Tsono khalani pansi ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi wina umene mumaudziwa bwino. Ena adzakuuzani kuti mwambiwo ndi wakale kuposa magetsi. Musakangane nawo, koma ine ndimaufotokoza motere.

Ku Biwi, mu Lilongwe muja, kumbuyo kwa omata matayala, kunali kashopu ka mawindo omatidwa ndi tepi kuti fumbi lisalowe. Shopuyo inali ya banja la a Kanyumbu, ndipo ntchito yawo inali yoyeza zingwe za pa nsanja za mafoni. Mukayang'ana nsanja zija mumaona madishi ozungulira. Madishiwo amaponyerana mafunde osaoneka otchedwa mayikulowevu, amene amanyamula mawu anu kuchoka pa phiri lina kupita pa lina. Chingwe cholowa m'dishi chikakhala ndi vuto pang'ono pokha, mawu amatayikira panjira. Choncho chisanakwezedwe pamwamba, chinkayamba chapita kwa a Kanyumbu kukayezedwa pa makina.

Kumapeto kwa chingwe chilichonse kumakhala konekita, kachitsulo kolumikizira, kochepa ngati nsonga ya chala chaching'ono. Konekita wina amakhala ndi kasingano pakati. Wina amakhala ndi kabowo kozunguliridwa ndi timano tinayi topyapyala tolandira singanoyo. Singano ikapindika, kapena ikatalika ngakhale ndi kamlingo kochepa kuposa tsitsi limodzi, imapinda timano ta mnzakeyo. Kadzino kopindikako nakonso kamakanda singano iliyonse imene ingalowemo pambuyo pake. Ndi maso okha simungaone kanthu, chifukwa zonse zimangonyezimira bwinobwino.

N'chifukwa chake pakhoma la shopuyo panali lamulo lolembedwa ndi penti yofiira: YANG'ANA, PUKUTA, YEZA, KENAKO LUMIKIZA. Analemba ndi a Kanyumbu eni ake, adakali ndi mphamvu zawo. Kuyang'ana kunali kwa pagalasi lokulitsa zinthu. Kupukuta kunali kwa sipiriti ndi kansalu kosathothoka ulusi, osati malovu kapena mpweya wa m'kamwa. Kuyeza kunali kwa geji, kachipangizo ka nkhope ngati wotchi, kamene muvi wake umanena ngati singano yatalika. Ndipo pomanga unkapotokola nati yokha, ndi sipanala yake yapadera imene imapindika yokha ikafika pamlingo, kuti dzanja lisapitirire.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi a Kanyumbu anali atakalamba. Maso anali atayamba kuchita chidima, koma magalasi ankawakana, ati ndi za anthu odwala. Shopu anaisiyira mwana wawo Lufeyo, munthu wofatsa, woseka ndi aliyense, koma woopa bambo ake koopsa. Amene ankasunga tebulo loyezera anali mkazi wa Lufeyo, dzina lake Feliya, mayi a Zione. Awiriwa anakumana ku sukulu ya ntchito zamanja, ndipo Biwi yonse inkadziwa kuti mwa awiriwo wa dzanja labwino anali Feliya.

Feliya ndiyenso ankasunga bokosi. Linali lamatabwa, kukula kwake ngati Baibulo la paguwa, ndipo m'kati mwake munali makonekita atatu apadera, aliyense atavala kachipewa kake ka pulasitiki. Atatuwo ndiwo ankauza makina choona. Makina oyezera amasokonekera ndi kutentha, ndiye musanayeze chingwe cha munthu mumayamba mwawalumikiza ndi atatu a m'bokosiwo, mmodzimmodzi, kuti akumbukire kuti chabwino n'chiti, choipa n'chiti. Popanda bokosilo makinawo amakhala sikelo yopanda miyala: manambala amaonetsa, koma palibe angawakhulupirire. Bokosi lotere simungaligule m'dziko muno. Limachokera kunja, ndipo kuliyembekeza ndi miyezi. Feliya analisunga zaka zisanu ndi zinayi lopanda kachipsera, ndipo banja lonse linkadya chifukwa cha bokosilo.

Vuto linali m'thumba la jekete la a Kanyumbu. Mmenemo, pamodzi ndi makiyi, makobidi ndi mtedza wokazinga, munkakhala kakonekita kagolide, mbali ina singano, mbali ina timano. Anakalandira kalekale atapita kukaphunzira kunja, ndipo ankakakonda kwambiri. Kachipewa kake kanatayika Feliya asanayambe n'komwe sukulu. Iwo ankabwera ku shopu Lachiwiri ndi Lachisanu, ati kudzaona ana, ndipo akafika Feliya ankadzuka, n'kuwapatsa mpando, n'kugwada popereka moni, maso ali kumbali.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkazi wokwatiwa sayang'anizana maso ndi apongozi ake aamuna, sakangana nawo, ndipo sawagwiragwira. Akakhala ndi mawu olemera, amadzera mwa mwamuna wake. Mwambowu ndi wabwino ndipo sindikuunyoza ayi, koma anaukhazikitsa anthu amene analibe makonekita.

Lachiwiri lina a Kanyumbu akutulutsa mpango m'thumba, kakonekita kaja kanagwa pa simenti n'kugubuduzika mpaka pansi pa tebulo. Feliya anamva kulira kwa kachitsuloko n'kutembenuka. Akuluwo anawerama, n'kukatola, n'kukauzira fuu, n'kukapukuta pa thalauza. Atakhudza ndi chala anamva kuti singano yapendekeka, ndiye anaiwongola ndi nsonga ya kiyi wa njinga.

"Tione ngati kakadali moyo," anatero.

Anatola chimodzi mwa zingwe zoyezera za patebulo, n'kupotokolerapo kakonekitako ndi zala, thupi lonse likuzungulira, mpaka kanalimba gwa. Anakamasula, n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone.

"Mwaona? Zitsulo zakale izi. Za masiku ano zikagwa kamodzi basi, maliro."

"Zoona, bambo," anatero Lufeyo.

Akuluwo atangotuluka, Feliya anaika chingwe chija pansi pa galasi. Kadzino kamodzi kanali katapindikira m'kati.

"Bambo a Zione, tabwerani mudzaone."

Lufeyo anasuzumira pagalasipo, n'kukanda m'mutu.

"Iii, kapindika ndithu."

"Kapindika. Chingwechi chatha. Ndipo chilichonse chimene kakonekita ka bambo kangakhudze chitha chonchi. Muwauze kuti akabweretse ndikayeze. Ngati akukafuna, tikaike pashelefu m'kabotolo, aziona akabwera. Koma kasakhudzenso kanthu muno."

"Ndiwauza. Lachisanu ndiwauza."

Feliya anamanga kaulusi kofiira pachingwe choonongekacho, n'kuchiponya m'katoni pansi pa tebulo, kuti wina asachigwiritsenso ntchito.

Lachisanu linafika. Lufeyo anakhala ndi bambo ake ola lathunthu. Anakamba za mvula, za feteleza, za denga la tchalitchi lomwe linkadontha, za mbuzi ya kumudzi yomwe inabereka atatu. Za kakonekita sanatchuleko. Pochoka, akuluwo anati ayese ngati chingwe chatsopano chomwe anachiona patebulo chili chenicheni, ndipo anachiyesa ndi kagolide kawo kaja. Madzulo ake m'katoni munali zingwe ziwiri.

"Simunawauze," anatero Feliya.

"Anali osangalala, mayi a Zione. Munthu akusimba za mbuzi yake, ine n'kumudula ndi nkhani yotere? Lachiwiri."

Ana inu, mawa la Lufeyo silinkafika. Ndikafika pamenepa ndimafuna kulowa m'nkhanimo ndimugwedeze mapewa. Mawu ake anali ochepa chabe, oti akanatha kuwanena tiyi asanazizire.

Feliya ataona kuti kwa mwamuna wake kulibe thandizo, anayamba nzeru zakezake. Akangomva chifuwa cha apongozi pakhomo, ankasesa zingwe zonse zabwino patebulo n'kuzibisa, lero m'kabati, mawa kuseri kwa makina, tsiku lina m'chitini cha penti chopanda kanthu. Ankawapatsa tiyi kudzanja lamanja, mandasi kudzanja lamanzere, kuti manja onse atanganidwe. Zinkathandiza mpaka mandasi atatha. Akuluwo ankapukuta zala pampango, n'kuyamba kuyendayenda m'shopumo, ndipo diso lawo losaona bwinolo linkapeza ndithu kena kake kamene kanaiwalika panja.

Tsiku lina Feliya anakwera minibasi kupita ku Kawale kwa apongozi ake aakazi.

"Amayi, ndabwera ndi pempho. Mukamachapa jekete la bambo, kachitsulo kagolide kaja mungandisungireko? Tsiku limodzi lokha."

Amayiwo anaseka mpaka kugwetsa misozi.

"Mwananga, jekete ndimachapa, inde. Koma asanandipatse amayamba asamutsira kachitsuloko m'thumba la malaya. Kutchalitchi amapita nako, kumaliro amapita nako. Ine ndalephera zaka makumi anayi. Uwauze amuna ako alankhule nawo."

"Ndawauza."

"Aaa, Lufeyo?" Amayiwo anapukusa mutu. "Ameneyo ali mwana anaswa galasi la wayilesi, n'kukhala masiku atatu osadya kuopa kunena. Limba mtima, mwananga."

Patatha masabata asanu, m'katoni muja munali zingwe zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi kaulusi kake kofiira. Zabwino zinatsala zitatu zokha. Tsiku limenelo Feliya anatseka chitseko cha shopu masanasana, n'kuima kutsogolo kwa mwamuna wake.

"Bambo a Zione, kodi pakamwa panu pali chiyani? Zingwe zisanu ndi chimodzi! Mukudikira kuti afike pabokosi?"

"Pabokosi sangafike. Amadziwa kuti ndi lanu."

"Amadziwa chiyani? Palibe wawauza kanthu. Iwo akuganiza kuti akutithandiza."

Lufeyo anakhala pampando, mutu ataugwira ndi manja awiri.

"Mumvetse. Maso awathera, manja ayamba kunjenjemera, shopu anandisiyira. Chimene chawatsalira ndi kachitsulo kameneko. Ndikawauza kuti katha ntchito, amva ngati ndikunena iwowo."

Mawuwo anali oona ndipo anamukhudza Feliya. Nayenso ankawakonda akuluwo. Ndi iwo amene anamuphunzitsa kugwira geji atangokwatiwa kumene, anthu ena akunena kuti ntchito imeneyi si ya akazi.

"Chabwino," anatero. "Ndiye ndinene ndine."

"Ayi! Mayi a Zione, chonde. Kumudzi akamva kuti mwadzudzula apongozi anu, adzati ine ndinakwatira munthu wotani? Ndipatseni sabata imodzi."

Sabata yomweyo kunabwera uthenga wabwino. Kampani ina yomanga nsanja zatsopano inkafuna malo oyezera zingwe makumi anayi, ndipo inati Lolemba m'mawa itumiza injiniya wake, a Thindwa, adzaone ndi maso awo mmene shopuyo imagwirira ntchito. Akakhutira, ntchito yonse ndi ya a Kanyumbu. Lachisanu akuluwo anabwera monga mwa nthawi zonse, Feliya n'kubisa zingwe zitatu zabwino zija pamwamba pa kabati, kuseri kwa mabuku akale. Loweruka m'mamawa anapita ku Nathenje ku chinkhoswe cha mng'ono wake. Lufeyo anatsala yekha m'shopu, ndipo zimene anachita tsikulo sanamuuze.

Lolemba Feliya analawirira. Anasesa, anakolopa, anayala nsalu yoyera patebulo, n'kutsitsa zingwe zabwino pamwamba pa kabati. Cha m'ma 9 koloko a Thindwa anafika, munthu wamtali, wolankhula motsitsa, magalasi ali pamphuno. Asanakhale n'komwe pansi, pakhomo panamveka chifuwa chodziwika chija. Lolemba silinali tsiku lawo, koma a Kanyumbu anali atamva za mlendo, ndipo anabwera atavala suti ndi tayi.

Moni atatha, Feliya anatulutsa bokosi m'dirowa, n'kuliika pansalu yoyera, n'kulitsegula. Anatambasula dzanja kuti atenge galasi.

"Mayi, tapumulani," anatero a Kanyumbu. "Lero ndiwaonetse alendowa mmene tinkachitira ife eni ntchito."

Anapisa dzanja m'thumba la suti. Kakonekita kagolide kanatuluka limodzi ndi kakhoko ka mtedza. Ndi dzanja linalo anatola woyamba mwa atatu a m'bokosi, n'kumuvula kachipewa ndi chikhadabo.

Feliya anayang'ana Lufeyo. Lufeyo anayang'ana kalendala ya pakhoma. Feliya anatsokomola. Lufeyo anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake. Manja a akuluwo ankayandikizana pang'onopang'ono, akunjenjemera, kagolide mbali iyi, wa m'bokosi mbali inayo. Patatsala mpata wa chala chimodzi, Feliya anadumpha n'kugwira dzanja la apongozi ake.

"Bambo, siyani!"

Ngakhale nyundo za omata matayala panja zinaleka kulira, chifukwa mawuwo anatuluka mpaka kumsewu. Lufeyo pakamwa panali yasa.

A Kanyumbu anayang'ana dzanja lomwe linawagwiralo, kenako n'kuyang'ana mwini wake.

"Mayi a Zione, mwandigwira dzanja?"

Feliya anagwada pomwepo, koma dzanjalo sanalisiye.

"Pepani, bambo. Mundidzudzule pambuyo pake, ndilandira. Koma lamulo lili pakhomalo munalemba ndinu. Kakonekita kanu sikanayang'anidwe, sikanapukutidwe, sikanayezedwe."

"Aka? Kakhala ndi ine inu musanabadwe!"

A Thindwa anakonza kukhosi.

"Bambo, ine ndabwerera zomwezo, kudzaona kayezedwe kanu. Bwanji tiyambe ndi kameneko? Kakapambana, ndikhala ndaona chitsulo chakale chikuchititsa manyazi zatsopano."

Mawuwo anawakomera akuluwo. Anabwezera konekita wa m'bokosi pamalo pake, n'kupereka kagolide kaja.

"Yezani, mayi. Yezani muone."

Feliya anakalandira ndi manja awiri. Anakaika pa geji. Muvi unanyamuka, n'kudutsa pamzere pomwe unayenera kuima, n'kupitirira ndithu. Kenako anakaika pansi pa galasi n'kupatuka. A Kanyumbu anawerama, anatsinzina diso limodzi, anatsinzina linalo, koma sanaone kanthu. A Thindwa anavula magalasi awo mwakachetechete n'kuwapatsa, ndipo pamaso pa mlendo akuluwo sakanakana. Atavala, anaona zonse: singano yokhota yokhala ndi mabala a kiyi, timano tiwiri totang'adza, ulusi wa m'thumba, ndi nyenyeswa za mtedza zitamatirira pansi.

Anakhala chowerama nthawi yaitali. Feliya anakoka katoni pansi pa tebulo n'kuyamba kuyala zingwe za ulusi wofiira pansalupo.

"Izi ndi zimene kanakhudza, bambo. Ndinazipatula kuti zisakhudze zina. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu." Anapisanso dzanja m'katonimo. Anaitembenuza n'kuigwedeza. Munagwa kaulusi kofiira kokha.

Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo a Zione, chingwe chachisanu ndi chimodzi chili kuti?"

Thukuta linali kamukamu pamphumi pa Lufeyo.

"Loweruka kunabwera kasitomala wothamanga. Zingwe zabwino ndinazifuna paliponse osazipeza. Ndinakuimbirani katatu, simunayankhe, kunali phokoso la zoimba. Ndiye ndinatenga chimodzi m'katonimo. Ndinachiyang'ana, chimaoneka bwinobwino."

"Munachiyang'ana ndi chiyani?"

"Ndi maso."

"Ndiye musanayeze chingwe cha kasitomalayo, makina munawakonza ndi chiyani?"

Maso a Lufeyo anapita pabokosi.

Feliya anatola woyamba wa m'bokosi n'kumuika pansi pa galasi. Pasingano yake panali kamzere, kuyambira kunsonga mpaka pakati, pomwe kadzino kopindika kanakanda. Anatola wachiwiri. Kamzere komweko. Wachitatu nayenso anali ndi kamzere komweko. Anawandandalika pansalu yoyera, n'kukhala pansi pa simenti, misozi ikutsika yokha. Anali atathyola mwambo pamaso pa mlendo kuti apulumutse bokosi lomwe linali litafa kale masiku awiri apitawo.

A Thindwa anabwezeredwa magalasi awo, nawonso n'kuyang'ana mmodzimmodzi.

"Pepani kwambiri," anatero. "Mayi awa ntchito amaidziwa, ndaona ndekha. Koma ndi bokosi ili makina anu sanganene zoona, ndipo nsanja zathu sizingadikire. Zingwe zija tipita nazo kwina."

Anatsazika mwaulemu n'kutuluka. Pakhomo anachita kupempha njira, chifukwa omata matayala anali atadzaza pamenepo.

A Kanyumbu anali adakali chiimire.

"Koma kangaka sikanakhudze bokosi," anatero motsitsa. "Mwandigwira dzanja kasanakhudze."

"Sikanakhudze, bambo," anayankha Feliya. "Kanakhudza chingwe. Chingwe ndicho chinakhudza bokosi."

Akuluwo anayang'ana tizitsulo tonse titandandalikidwa pansalupo, tikunyezimira ngati matemba pamsika, tabwinobwino m'maso koma tonse totha ntchito. Anapukusa mutu.

"Nsomba ikawola imodzi," anatero, "zawola zonse."

Kenako anatembenukira mpongozi wawo.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwe kanagwa, bambo. Masabata asanu apitawo."

"Masabata asanu! Ndiye tiyi uja? Mandasi aja?"

Feliya anazolika.

"Ine n'kumakauza amayi anu kunyumba kuti mpongozi wanga wayamba kundikonda kwambiri masiku ano! Kani mumanditsekereza manja ngati mwana?" Mawu awo anakwera. "Iwe Lufeyo, ola lathunthu umakhala nane, n'kumandifunsa za mbuzi! Unkadziwa?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani, bambo."

"Kundikhumudwitsa? Ukanandiuza tsiku loyamba, ndikanakwiya mpaka madzulo, m'mawa n'kuiwala, tikanataya chingwe chimodzi. Lero mwandilemekeza mpaka kundisandutsa chitsiru pamaso pa mlendo. Bokosi limeneli ndinalibweretsa muno ndine, ndipo mwandisiya ndiliphe ndekha, inu mukuonerera!"

A Kanyumbu anatola kakonekita kawo, n'kutuluka panja, n'kubwereka nyundo kwa omata matayala. Anakaika pamwala, n'kukaphwanya kawiri, kuti wina asadzakatole n'kukalumikiza kwina. Atabweza nyundo anaima pakhomo.

"Mayi a Zione, dzukani pansipo. Pa anthu atatu tili muno, wachita ulemu lero ndinu nokha. Kungoti mwachedwa nawo."

Bokosi latsopano linatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti lifike. Miyezi yonseyo makina oyezera anakhala atafunditsidwa nsalu, ndipo Feliya, mayi wa dzanja labwino m'Biwi yonse, ankakonza maketulo ndi maayironi a anthu kuti ana adye. Mawu a a Kanyumbu onena za nsomba aja omata matayala anawatola, n'kupita nawo kumsika, ogulitsa nsomba n'kuwatenga ngati awo. Mpaka lero mukawafunsa adzakuuzani kuti anayambitsa ndi iwo.

Mwambiwo ndi umenewo: nsomba ikawola imodzi, zawola zonse. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ambiri amaugwiritsa ntchito ponyoza. Mwana mmodzi akaba, amati banja lonse ndi akuba, n'kutchula mwambiwu ngati aweruza bwino. Ayi. Mwambiwu sukunena kuti nsomba zinazo zinali zoipa. Zinali zabwino, monga atatu a m'bokosi aja anali abwino zaka zisanu ndi zinayi. Ukunena kuti kuwola kumayenda. Kumachoka pa imodzi kupita pa yoyandikana nayo, n'kuchoka pamenepo kupita pa ina imene sinakhudzanepo ndi yoyamba ija. Bodza limodzi losakonzedwa, chizolowezi chimodzi choipa m'kalasi, chida chimodzi choonongeka m'bokosi la zida, zonsezi zimayenda chimodzimodzi.

Ndipo musaiwale kuti nsomba yowolayo siidzimva fungo. A Kanyumbu sankadziwa kanthu, ankaganiza kuti akuthandiza ana awo. Amene ankamva fungo anali Lufeyo ndi Feliya. Wina anatseka pakamwa chifukwa cha mantha, wina anayamba kusamutsa nsomba zabwino uku ndi uku chifukwa cha ulemu, yowolayo n'kuisiya m'dengu momwemo. Ulemu kwa akulu musautaye, ana anga. Gwadani, tsitsani mawu, dzerani mwa amene mwambo ukuti mudzeremo. Koma amene mwamutumayo akameza mawu, musadikire masabata asanu. Mukamva fungo nenani tsiku lomwelo, ngakhale dengulo lili la apongozi.